Njerwa Izikafera M'manja mwa Mmisiri

Atate anga ankaponya njerwa. Ntchito yawo inali imeneyo, ndipo kwa zaka zingapo ndinkayesetsa kuti anzanga kusukulu asaidziwe. Akandifunsa ndinkati ndi omanga nyumba, zomwe sizinali bodza kwenikweni, chifukwa pafamu imene ankagwira panalibe khoma limene njerwa zake sizinadutse m'manja mwawo. Koma kusanja njerwa pakhoma sanasanjepo ngakhale imodzi. Iwo ankaima pansi, mmisiri ali pansanja, n'kumamuponyera ziwiriziwiri kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo.

Nkhondo yaikulu inali itangotha, ndipo azungu a m'mafamu ozungulira Fort Jameson anali atayambiranso fodya ndi mtima wonse. Fodya wawo ankafuna mabalani, nyumba zazitali zopanda mazenera zoumitsiramo masamba ndi moto, ndipo balani lililonse linkafuna njerwa zambirimbiri zikwere m'mwamba. Kwathu kunali cha ku Chiparamba, ulendo wa ola limodzi wapansi kukafika pafamupo. Ine ndinkagonera kusukulu ya mishoni, ndili Sitandade 4, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo pang'ono. M'mudzi mwathu munalibe wina amene anafika pamenepo. Ndinkazidziwa bwino zimenezi, ndipo ndinkathandiza anthu kuti asaiwale.

Chaka chimenecho tinalandira aphunzitsi atsopano a masamu. Anali atasiya choko kupita kunkhondo, ndipo anabwera kuchokera ku Burma ali owonda, khutu limodzi losamva. Kumeneko ankagwira mzinga waufupi umene ankati unali ngati mtondo wopendekeka: umagwetsera bomba kukamwa kwake, lokha n'kutuluka, kukwera, kudumpha phiri, kukagwa kuseri. Anawalemba ntchito kuti atiphunzitse kugawa ndi kuchulukitsa, koma phunziro lililonse, ngakhale liyambe ndi mayadi a nsalu, linkathera mumlengalenga.

Tsiku lina anabwera ndi maye awiri, n'kuwaika m'mphepete mwa tebulo.

"Limodzi ndingolisiya ligwe," anatero. "Linzakeli ndilikankha mwamphamvu liuluke cham'mbali. Onse achoka nthawi imodzi. Liyambe kufika pansi ndi liti?"

Tonse tinati longogwalo, popeza njira yake ndi yaifupi. Ine ndinachita kuimirira n'kufotokoza bwinobwino, mawu ena m'Chingerezi.

"Tsinzinani," anatero aphunzitsi. "Maso angoona zimene mwanena kale. Mumve ndi makutu."

Tinatsinzina. Tinamva kugunda kumodzi kokha. Tinati mwina anyenga, lina latsala m'manja. Anabwereza, wina wa ife akuyang'anira manja awo, ndipo kugunda kunali kumodzi ndithu. Pa ulendo wachisanu dzaye limodzi linasweka, ndipo okhala kutsogolo anapindula ndi phunzirolo kuposa ife.

"Chinthu choponyedwa chimayenda maulendo awiri nthawi imodzi," anatero akupukuta m'manja. "Woyamba ndi wopita kutsogolo. Umenewo waupereka ndiwe ndi dzanja lako, ndipo susintha pokhapokha mphepo ilowerere. Wachiwiri ndi wopita pansi. Umenewo ndi wa dziko, limakoka, ndipo silifunsa ngati chinthucho chili ndi ulendo wina. Limakoka chimodzimodzi, chachikulu ndi chaching'ono."

Sabata yotsatira anatiuza kuti aliyense atenge pepala apinde ngodya yake pakati. Kupendekeka kwa mzere umenewo, pakati penipeni pa chogona ndi choimirira, anati ndiko kumafikitsa chinthu patali kuposa kwina kulikonse. Ukatsitsa dzanja, mwala ugwa msanga. Ukakweza kwambiri, mphamvu ithera kokacheza kumwamba. Tinapita kubwalo la mpira kukayesa ndi miyala, ndipo zinachitikadi. Pepala limenelo ndinalisunga m'thumba la malaya, pamtima, pamene ena ankasunga kolona.

Anatiuzanso kuti chinthu chikamakwera liwiro lake limanka licheperachepera, mpaka pamwamba penipeni chimasiya kukwera chisanayambe kutsika. Izi ndinazilemba m'kope koma sindinaziganizirenso, chifukwa panalibe chopinda choti n'kukaonetsa anthu.

Tchuthi chachikulu chinafika m'nyengo yozizira, nthawi yomanga. Lamlungu loyamba, titabwera ku Misa, ndinapeza atate atakhala pakhonde akusema mpini, ndipo ndinaona kuti nthawi yakwana yoti nawonso adziwe zimene akhala akuchita mosadziwa zaka zonsezi. Ndinawafotokozera za maulendo awiri. Ndinawauza za kukoka kwa dziko. Anamvetsera mpeni usanaime.

"Ndiye buku likuti ndiziponya bwanji?" anafunsa.

Ndinatulutsa pepala lija. Analilandira ndi manja awiri, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Alemba pati?"

"Si zolemba, atate. Ndi kupindaku. Njerwa izitsata mzere uwu."

"Oho." Anandibwezera. "Wonditolera njerwa wapita kumaliro ku Kasenengwa, akakhala masiku. Mawa tipitire limodzi, ukandionetse."

Amayi anali chapafupi akusenda nsawawa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana atate, n'kupitiriza kusenda.

Balani limene ankamanga linali litafika pamsinkhu wa anthu awiri ndi theka. Pansanja panali amisiri, bambo wachikulire wochokera ku Nyasalande, wa kaliwo pakamwa nthawi zonse, amene ankalankhula pang'ono ngati mawu amachita kugula. Pansi pankayendayenda akapitao, pensulo kukhutu. Pensulo imeneyo sindinaionepo ikulemba, koma anthu ankaiopa.

Ntchito yanga inali yotuta njerwa pamulu n'kuzisanja ziwiriziwiri pafupi ndi phazi la atate. Aka kanali koyamba kuwaona akugwira. Ankaima pafupi kwambiri ndi khoma, miyendo yotangaza, kutenga njerwa ziwiri zosanjikizana, kuzitsitsa pakati pa mawondo, ndiyeno thupi lonse n'kuwongoka kamodzi. Njerwa zinkakwera zosatembenuka, zosasiyana, ngati zamatidwa. Zikafika pa amisiri, iwo ankangotambasula manja n'kuzitenga ngati akuchotsa pathandala. Nthawi zambiri sankayang'ana n'komwe. Ine ndinaona zonsezi, ndipo chimene ndinazindikira n'chakuti atate aima molakwika.

Dzuwa litakwera pang'ono, atate anaweramuka n'kupukuta thukuta.

"Amisiri, mwana wanga wabwera ndi njira ya m'buku."

Amisiri anachotsa kaliwo pakamwa. "Tiione. Zala ndili nazo khumi."

Ndinatenga njerwa imodzi, chifukwa ndinafuna kuyamba modzichepetsa. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, kutulutsa pepala, kutsinzina diso limodzi, kuyeza. Oponda dothi ndi otunga madzi anasiya ntchito kudzaonerera. Ndinaponya. Njerwa inayenda bwino kwambiri, monga mmene aphunzitsi ananenera, n'kukamenya khoma m'munsi mwa nsanja, n'kugwa zidutswa zitatu.

"Khoma ndi lolimba," anatero amisiri. "Zikomo potiyesera."

Yachiwiri ndinaipatsa mphamvu zonse. Inafika pansanja ikuthamangira kutsogolo, amisiri anaweramitsa mutu, iyo n'kudutsa pamwamba pa khoma kukagwera m'kati mwa balani. Tinamva kuphwanyika. M'katimo, pamthunzi, ndi mmene akapitao ankabisa chipanda chawo cha thobwa.

Yachitatu ndinasiya pepala, ndinayandikira khoma monga atate, n'kuponya ndi mkwiyo. Inalunjika bwino, koma inafika ikukwerabe. Amisiri anaigwira, n'kuigwetsa, n'kuika chala pakamwa.

"Zatsala zisanu ndi zinayi," anatero.

Anthu anaseka mpaka akapitao, amene anali asanaone chipanda chawo. Atate sanaseke. Anatola njerwa ziwiri n'kundiika m'manja.

"Pepala lako likufuna kufika patali," anatero motsitsa mawu. "Amisiri sali patali. Ali pamwamba. Ima apa. Usaponye ndi mkono, mkono utopa dzuwa lisanafike pamutu. Ponya ndi miyendo. Ndipo usaponyere munthu. Ipatse njerwa mphamvu yongokwanira kuti ikafere m'manja mwake. Ikafika yamoyo imaluma. Ikafa isanafike imabwerera kwa iwe."

Pomwepo ndinakumbukira mzere uja wa m'kope, wa chinthu chimene chimasiya kukwera chisanayambe kutsika. Atate ankaika malo amenewo m'manja mwa amisiri kambirimbiri pa tsiku, ndipo khoma likakwera mzere umodzi ankawakweza nawonso. Sindinawauze kuti zimenezi zilimo m'buku. Ndinaona kuti akadziwa ayamba kudzimva.

Ndinabwerera kotuta njerwa. Chipanda chija atate analipira ndi china cha amayi.

Lachitatu masana kunadutsa njinga pamsewu wa m'mbali mwa famu. Anali aphunzitsi aja, akuchokera ku boma kupita kwawo. Atandiona anatsika. Ndinathamanga kukawalandira, ndikupukuta manja pakabudula, ndipo ndinayamba kufotokoza kuti ndikungothandiza masiku ochepa. Sanandimve, kapena ndinaima kumbali ya khutu losamva lija. Maso awo anali pa atate.

Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuima pamenepo nthawi yaitali, mutu ukukwera ndi kutsika pamodzi ndi njerwa. Kenaka anavula chipewa n'kuyandikira.

"Wawa, akulu. Ndine mphunzitsi wa mnyamatayu."

"Wawa, aphunzitsi. Ndinu a pepala lija?"

"Ndine ndemwe."

"Latithandiza. Taseka."

Aphunzitsi anamwetulira. "Mumadziwa bwanji mphamvu yoti muike?"

Atate anaganiza pang'ono. "Ndimayang'ana pamene amisiri ali."

"Basi?"

"Akasuntha ndimayang'ananso."

"Nanga ziwirizi, bwanji sizisiyana m'mwambamo?"

"Zisiyane chifukwa chiyani? Zachokera limodzi."

Aphunzitsi anatembenukira kwa ine. "Wamva? Zachoka ndi liwiro limodzi, dziko likuzikoka chimodzimodzi, ndiye palibe yosiya inzake. Ife kunkhondo tinkakhala atatu pamzinga umodzi, wina ndi buku la manambala, kutsogolo kuli mzungu ndi magalasi oonera patali akutiuza tikweze kapena titsitse. Ndipo tinkaphonyabe. Bambo akowa akuchita okha, osaphonya."

Ndinati inde, aphunzitsi. Ndinadikira kuti anenepo kanthu za ine, koma anali akupinda kale manja a malaya.

"Mungandilole ndiyese imodzi?"

Atate anawapatsa. Amisiri anabisa dzanja lopweteka kumbuyo. Aphunzitsi anaima bwino, pafupi ndi khoma, n'kuponya. Njerwa inakwera molunjika koma inafa isanafike, inaima pang'ono m'munsi mwa nsanja, n'kubwerera cham'mbali. Pansipo panali malata ofolera balani atasanjidwa. Inagwa pakati pawo ndi phokoso limene linabalalitsa mbalame m'mitengo.

Pamene tinkacheuka, aphunzitsi anali atagona chafufumimba m'fumbi, manja atagwira kunkhongo.

Anthu anayamba kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Koma aphunzitsi sanadzuke. Kuseka kunazima kokha. Ine ndinangoima, osadziwa ngati mwana wasukulu amaloledwa kukhudza mphunzitsi wake ali pansi. Atate anagwada pambali pawo, anaika dzanja pamsana, n'kunena mokweza kuti onse amve:

"Dothi la pano limaterera. Tonse tinagwapo pamenepa."

Kunali kusanagwe mvula miyezi itatu.

Atate anawadzutsa, anawakhazika pamulu wa njerwa, n'kunditumiza madzi. Akapitao anayamba kukalipira anthu kuti abwerere kuntchito, ndipo kanali koyamba kuti ndiwathokoze mumtima. Aphunzitsi anamwa, madzi ena akutayikira pamalaya. Kenaka analankhula, osayang'ana munthu.

"Anawa ndimawaphunzitsa za kukwera ndi kutsika. Zimenezo ndimazidziwa. Koma mabomba athu ankagwa kuseri kwa phiri. Sindinaonepo ndi limodzi lomwe pamene linatera. Ndinkangoona a anzathu a kutsidya aja akamatera kwa ife."

"Zanga ndimaziona zonse," anatero atate. "Ndi ubwino wake wokhawo wa ntchito ino."

Aphunzitsi anasasa fumbi, anagwira atate chanza ndi manja awiri, n'kukwera njinga. Kwa ine anangoti tikaonana kusukulu.

Ndikanakhala ndi nzeru zenizeni ndikanasiyira pomwepo. Koma mumtima munkandiwawa. Ndinabwera kudzaphunzitsa, ndipo m'masiku atatu ndinali nditaswa njerwa, chipanda ndi chala, pamene mphunzitsi wanga yemwe anavulira chipewa munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Ndinafunafuna m'mutu china chimene ndinkadziwa chimene atate sankadziwa, ndipo ndinachipeza. M'buku lina la aphunzitsi ndinaonamo chithunzi cha gudumu lopachikidwa pamtengo, chingwe chikudutsa pamwamba pake, munthu akukoka pansi, katundu akukwera.

Tsiku lotsatira, pa nthawi yopuma, ndinajambula zimenezi pamchenga pamaso pa akapitao. Ndinawauza kuti ndi njira imeneyi palibe njerwa yosweka, palibe chala chopweteka, ndipo aliyense angathe kukoka.

"Aliyense?" anafunsa.

"Ngakhale mwana."

Anayang'ana chithunzicho kwa nthawi, n'kuchifufuta ndi phazi. "Masewera a kusukulu," anatero.

Lachisanu ndinawaona ataima pakhonde la mzungu wa pafamupo, chipewa m'manja, pensulo ili pakati pa zala, akujambula mumlengalenga. Lolemba m'mawa tinapeza mtengo wautali utazikidwa pambali pa balani, pamwamba pake atapachika mkombero wa gudumu la njinga yakale, chingwe chatsopano, ndi chidebe chodulidwa ku dilamu.

Chinthucho chinkagwira ntchito, sindinganame. Wina ankalonga njerwa m'chidebe, awiri n'kumakoka, chidebe n'kumakwera chikuzungulira ndi kugunda khoma, wina pamwamba n'kuchikokera pansanja, kutsitsa njerwa, kuchibwezera pansi. Anthu anayi ankachita, mwapang'onopang'ono, zimene atate ankachita okha. Amisiri anayamba kumaliza fodya wa m'kaliwo kawiri m'mawa umodzi, podikira njerwa.

"Bwana, kale sindinkadikira," anauza mzungu atabwera kudzaona.

Mzungu anagwedeza mutu koma maso ali pagudumu. Linkalira mokoma likamazungulira. Madzulo ake anabwera ndi mkazi wake kudzamuonetsa, ndipo sabata yomweyo anabwera ndi mzungu mnzake wa famu yoyandikana. Akapitao analandira jekete lakale la bwana, lalikulu pang'ono m'mapewa, ndipo ankalivala ngakhale masana.

Akapitao anatumiza atate kudzenje kukaponda dothi loumbira njerwa. Kumeneko munthu amalowa m'matope mpaka m'mawondo m'mawa kukuzizira, n'kumazungulira tsiku lonse. Ndi ntchito ya ongoyamba kumene, ndipo malipiro ake ndi a ongoyamba kumene. Ine anandiika pachingwe, popeza ndinali wophunzira ndipo ndikanachimvetsa msanga.

Ndinakoka chingwe chimenecho milungu itatu. Kuchokera pamene ndinkaima, dzenje linkaoneka bwino. Atate sanandifunse kanthu. Ndinkaganiza kuti mwina sakudziwa kumene akapitao anatenga nzeru zawo, mpaka tsiku lina amisiri, akulandira chidebe, anandiyang'ana ali pamwamba n'kunena kuti zojambula pamchenga anthu amaziona ngakhale ali pansanja. Kunyumba amayi ankatenthetsa madzi madzulo alionse, n'kupaka mafuta a nsatsi m'ming'alu ya kumapazi kwa atate, ndipo mbale ya madziwo ankanditumiza ine kuti ndikatenge.

Tsiku lobwerera kusukulu atate anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu, atandinyamulira kabokosi kanga pamapewa. Ankayenda moponda mosamala chifukwa cha mapazi. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu, ena m'Chinyanja, ena m'Chingerezi, ndipo palibe amene anatuluka. Titafika pamsewu anatsitsa bokosi n'kundipatsa kathumba ka nsawawa zokazinga.

"Ukapereke moni kwa aphunzitsi ako. Ukawauze kuti malata aja tinafolera, akabwera sagwanso."

"Ndikawauza, atate."

"Uzikalimbikira. Mutu uli nawo."

Ndinayang'ana pansi. Anaima pang'ono, akukanda dothi louma pamsongolo.

"Buku lija n'lalikulu?"

"N'lalikulu ndithu."

"Ukakafika ukayang'ane ngati mulinso za kuponda dothi. Ngati zilimo, tsamba limenelo ukalidumphe."

Anatembenuka n'kuyamba kubwerera, chifukwa belu la kufamu linali pafupi kulira. Ine ndinasenza bokosi n'kulunjika kumishoni.